Rakele Alonda Galimoto

"Iwe Rakele! Wapha batire ndiwe!"

Adakuwa choncho ndi Aroni, mchimwene wake wamkulu. Rakele adali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Bambo awo, a Festus, adali ndi galimoto yakale. Idali yonyamulira mtedza. Inkaima pamtunda, pansi pa mtengo wa mango. M'mawa umenewo idakana kulira.

A Festus adapotoza kiyi. Kli, kli, kli. Kenako zii.

"Dzulo ndidakuona," adatero Aroni. "Udaliza hutala."

"Ndidaliza kamodzi kokha!" adayankha Rakele.

"Kamodzi komweko!"

A Festus adapukusa mutu. "Rakele, Loweruka sukwera. Ku Mponela tipita tokha."

Mtima wa Rakele udawawa. Loweruka lidali tsiku lokagula nsapato zake za sukulu. Iye ankafuna kukasankha yekha.

"Ababa, si chilungamo chimenecho!" adatero.

A Festus adamanga batire panjinga. Adapita nalo ku Bowe kukatchajitsa. Adabwera nalo Lachinayi.

Lachisanu Rakele adalawirira. Sukulu idali itatsekera. Adakhala pamuzu wa mango.

"Lero sindisewera," adatero. "Lero ndilonda galimoto."

M'mawa kudabwera Aroni. Adanyamula mafoni anayi. Imodzi idali yake. Zitatu zidali za anzake. Adayamba kutchaja m'galimoto.

Injini idali zii. Rakele adaona.

Dzuwa litakwera kudabwera a Festus. Adayala mphasa pafupi ndi galimoto. Adatsegula wailesi ya m'galimoto. Adayamba kusenda mtedza. Wailesi idaimba, idaimba, idaimbabe.

Injini idali zii. Rakele adaona.

Masana kudabwera amayi ake. Adatenga chitenje chawo m'galimoto. Chitseko sadachitseke bwino. Kagetsi ka m'kati kadatsala koyaka.

Injini idali zii. Rakele adaona.

Rakele adadzambatuka. Adathamanga kutsika phiri. Adawoloka kamtsinje. Adafika kwa azakhali ake, a Lines. Iwo ankakonza magalimoto.

"Azakhali, kodi hutala amapha batire?"

"Puma kaye, iwe," adaseka a Lines. "Wathawa galu?"

Rakele adafotokoza zonse. Adanena za mafoni. Adanena za wailesi. Adanena za kagetsi.

A Lines adaloza mtsuko wa madzi.

"Ukuuona mtsuko uwo? Batire lili ngati mtsuko. Wailesi imamwamo. Foni imamwamo. Getsi limamwamo."

"Nanga amathiramo ndani?" adafunsa Rakele.

"Injini. Galimoto ikamayenda, batire limadzaza. Ikangoima, aliyense akungomwa."

"Ndiye hutala?"

"Hutala kamodzi ndi dontho chabe."

Rakele adagwira dzanja la azakhali ake. "Tiyeni mukawauze. Ine sandimvera."

A Lines adatenga sipanala. Adakwera phiri limodzi ndi Rakele.

Kunyumba wailesi idali ikuimbabe.

"Achimwene, tazimitsani wailesiyo," adatero a Lines. "Lizani galimoto timve."

"Batire ladzaza dzulodzuloli," adatero a Festus. Adapotoza kiyi.

Rrr. Rrr. Kli.

A Festus adakanda mutu. "Ha! Ndiye walitha moto ndani? Rakele, wagwiranso hutala?"

"Ayi, Ababa. Tsiku lonse ndidali pamuzu apo. Achimwene atchaja mafoni anayi. Inu mwamvera wailesi. Amayi asiya kagetsi koyaka."

Amayi adasuzumira m'galimoto. "Mayo ine! Kakuyakadi!"

Aroni adayang'ana pansi.

A Lines adatsegula boneti. Pamitu ya batire padali ufa woyera.

"Rakele, usakhudze," adatero. "Ufa uwu umawotcha khungu. Umatsekanso njira ya moto."

A Lines adamasula zingwe. Adatsuka mitu ndi madzi otentha ndi soda. Adapukuta bwino. Adamanganso zingwe zolimba. Adapaka girisi pang'ono.

"Madzi ake achepa," adatero. "Mumathiramo madzi anji?"

"A pamjigo," adayankha a Festus. "Si oyera kodi?"

"Ndi oyera kwa inu, osati kwa batire. Mawa mukagule madzi a batire ku Mponela."

"Koma ife tili ndi phiri," adatero a Festus. "Ikakana, timangokankha."

"Phiri si batire, achimwene. Tsiku lina idzakana muli kudambo. Mudzainyamula pamutu?"

Amayi adaseka. Rakele naye adaseka.

"Lero lokha tikankhe," adatero a Lines.

Aroni adachotsa mwala kutayala. A Festus adakhala pachiwongolero. Ena onse adakankha. Adakankha, adakankha. Galimoto idatsetsereka. Idatsokomola. Kenako, vuuum!

"Musazimitse!" adakuwa a Lines. "Yendani mtunda wautali. Batire lidzaze!"

A Festus adapita kutali. Adabwera dzuwa litapendeka. Atatsika, adatseka chitseko bwino. Adayang'ana kagetsi. Kadali kozima.

Kenako adaitana Rakele.

"Mwana wanga, ndidakulakwira. Pepa. Mawa ukwera kutsogolo."

"Nanenso pepa," adatero amayi. "Kagetsi kaja ndine."

Aroni sadapepese. Adangotola mafoni a anzake. Adapita kukabweza.

Loweruka kudacha bwino. Matumba a mtedza adali kumbuyo. Aroni adakhala pamwamba pa matumbawo. Rakele adakhala kutsogolo, pakati pa bambo ndi mayi ake.

A Festus adapotoza kiyi.

Vuuum!

Palibe adakankha. Amayi adalulutira. Rakele adaomba m'manja.

"Ababa, dikirani pang'ono," adatero Rakele.

Adatembenuka. Adagogoda pagalasi la kumbuyo.

"Achimwene! Ababa apepesa. Amayi apepesa. Mwatsala ndinu."

Aroni adayang'ana kumwamba. Adayamba kuimba likhweru. Koma kukamwa kwake kunkafuna kuseka.

"Aroni, mlongo wako akukuyankhula," adatero amayi.

"Sitinyamuka musadayankhe," adatero Rakele. "Mupepesa kapena simupepesa? Yankhani, achimwene!"