Zala za Telala

Anakumana pakhonde la labotale ya payunivesite. Telala anali ataperekeza achemwali ake, omwe miyendo inasiya kuwamvera, kudzapereka kachidutswa ka khungu la pamkono koti kayezedwe. Wolandira kachidutswako anali dokotala wachitsikana wofufuza maselo a mitsempha ya ubongo. Zaka zisanu ndi ziwiri anali akufufuza matenda omwewa, akumtundu, osowa kwambiri.

"Tizinthu timeneti mumatidyetsadi tsiku lililonse?" telala anafunsa akusuzumira timbale tagalasi tosungiramo maselo.

"Ngakhale Lamlungu. Tikakhala ndi njala timafa."

"Ndiye ine ndisanduke selo, muzindisamala choncho."

Mawu otchipa ngati amenewa, koma mtsikana wamasukulu ake anaseka mpaka kugwira tebulo. Basi, zinayambira pomwepo.

Chaka chonse foni ya dokotala sinkapuma. "Duwa langa, wadya? Kapena wadyetsa maselo okha?" Mawa lake: "Wapamtima, ine ndi iwe mpaka imvi."

Kenaka Lachitatu lina masana panalowa uthenga: "Ndapeza wina. Usandifunefune."

Analira, inde, analirira m'chipinda chozizira chosungira mankhwala kuti ophunzira ake asamuone. Wina ndani? Analakwa chiyani? Koma maselo anawadyetsabe pa nthawi yake.

Patatha milungu itatu achemwali aja anabwera kudzapimidwa.

"Alamu, palibe wina aliyense," ananong'ona. "Zala zayamba kumunjenjemera. Zamupeza ngati ine."

Dokotala anavula magolovesi, ulendo wa kushopu ya telala. Anapeza telala atagwira singano, ulusi ukungophonya bowo.

"Telala wabwino ngati iwe, bodza kulisoka mokhota chonchi?"

"Pita, chonde. Ukudziwa kumene zimathera."

"Ndikudziwa kuposa iwe. Ndimaziona pa maikulosikopu m'mawa uliwonse."

"Ndiye ukufunanji kwa munthu woti mawa azidzamwetsedwa madzi?"

"Mankhwala sindikukulonjeza, mwina sindiwapeza msanga. Koma kundisankhira zochita, kundibisira, pamenepo wandilakwira kwambiri. Matendawa ndizilimbana nawo masana kuntchito, ndikaweruka ndizibwera kwa iwe. Iwe ndi matendawa, nonse awiri sindikusiyani."

Telala anaweramitsa mutu, misozi ikudonthera pansalu ya kasitomala.

Dokotala anamulanda singano ija, nalowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi, n'kumubwezera m'manja.

"Soka, wokondedwa. Loweruka tikupita kukawauza amayi za ukwati wathu."