Pini ya Mpoki

Tumpe anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala ku Lwengo, pamtunda pa mzinda wa Mbeya. Anali ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina lake anali Mpoki.

Mpoki ankakonda mabuku kwambiri. Koma Mpoki ankayenda ndi ndodo ziwiri. Mwendo wake umodzi unali wofooka. Laibulale inali kutali, kumunsi m'tauni. Mpoki anali asanafikeko.

Loweruka lililonse Amayi ankatsikira m'tauni kukagulitsa nthochi. Tumpe ankatsika nawo. Pobwera ankamutengera Mpoki buku limodzi.

"Achemwali, mwabweretsanso la nkhuku?" anafunsa Mpoki tsiku lina.

"Ndi labwino," anatero Tumpe. "Lili ndi zithunzi."

"Nkhuku tili nazo pakhomo pano," anatero Mpoki. "Ine ndikufuna kusankha ndekha."

Tumpe anamva chisoni. Mpoki ankanena zoona. Buku lokusankhira wina silikoma kwenikweni.

Loweruka lina Tumpe anafika ku laibulale. Panja panaima bajaji yatsopano, kagalimoto kakang'ono. Matayala ake atatu ankanyezimira. M'kati mwake munali mabuku okhaokha.

Tumpe anathamangira kwa Mayi Mwaipaja, amene ankayang'anira laibulale.

"Shikamoo, Mayi," anapereka moni waulemu.

"Marahaba, mwana wanga," anayankha Mayi Mwaipaja.

"Bajajiyo ikupita kuti?"

"Izipereka mabuku kwa ana okhala kutali. Bwera uone."

Pakhoma panali mapu aakulu a mzinda wonse. Pamapupo panali mapini ofiira. Apa ochepa, apo ambiri.

"Pini imodzi ndi mwana mmodzi," anatero Mayi Mwaipaja. "Mwana amandiuza positikodi yake. Imeneyo ndi nambala ya dera lake. Ine ndimabaya pini pamalopo. Kumene kuli mapini ambiri, bajaji izipita kumeneko."

Tumpe anasangalala. Ku Lwengo ana ndi mbwee. Anayendetsa chala pamapu. Chala chinakwera, chinakwera, mpaka pa Lwengo.

Pa Lwengo panalibe pini. Panalibe ndi imodzi yomwe.

"Mayi, mapuwa ndi abodza," anatero Tumpe. "Kwathu kuli ana ambiri. Usiku sitigona ndi phokoso."

Mayi Mwaipaja anaseka. "Positikodi yako ndi chiyani?"

Tumpe anaima njo. Funso limeneli linali losavuta. Mwana aliyense wa ku Lwengo analidziwa pamtima.

"Bokosi 412, positikodi 53101."

Mayi Mwaipaja analoza pakati pa tauni. Pamenepo mapini anaunjikana ngati nyerere pa shuga.

"Ndiye kuti umakhala apa," anatero. "Pafupi ndi positi ofesi. Okhala apa amabwera ndi miyendo yawo. Bajaji sakuifuna."

"Koma ine sindikhala pamenepo."

"Mapu amanena zimene anthu awauza, mwana wanga. Kafunse bwino kunyumba. Loweruka likubwerali akuluakulu adzaona mapuwa. Adzasankha kumene bajaji izipita."

Tumpe anakwera mtunda kubwerera kunyumba. Amayi anamupatsa mandazi. Iye sanadye n'komwe.

Kunyumba anapeza Abambo akupala thabwa. Abambo anali kalipentala. Mpoki anali pambali, akutola zipalopalo.

"Abambo, kodi ife timakhala ku positi ofesi?" anafunsa Tumpe.

Abambo anaika chopalira pansi. "Wakuuza ndani zimenezo?"

"Mapu a ku laibulale."

Tumpe anafotokoza zonse. Anafotokoza za bajaji. Anafotokoza za mapini. Abambo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Nambala imeneyo ndi ya bokosi la sukulu," anatero. "Bokosilo lili ku positi ofesi. Lwengo yense amalandirira makalata mmenemo. Makalata athu amagona m'tauni. Koma ife timagona kuno."

"Nanga nambala yathu ili kuti?" anafunsa Mpoki.

"Tiyeni, ndikakuonetseni. Mzati wake ndinakumbira ndine."

Anapita pamphambano. Sipanali patali. Mpoki anayenda yekha, go, go, go, ndi ndodo zake.

Pamphambano panali mzati wachitsulo. Aliyense ankaudziwa mzatiwo. A Mwansasu ankamangirirapo mbuzi yawo. Magalagadeya anayangapo mpaka pamwamba. Koma kuuwerenga, palibe amene ankauwerenga.

Abambo anamunyamula Tumpe paphewa. Tumpe anakankha masamba. Anakankhanso. Chikwangwani chinaonekera.

"Mpoki, werenga," anatero Abambo.

Mpoki anakweza maso. "5, 3, 1, 3, 9."

"Eya," anatero Abambo. "Nambala iliyonse ili ndi ntchito yake. 5 ndi mbali ino ya dziko, ya mapiri. 3 ndi chigawo chathu cha Mbeya. 1 ndi mzinda wathu. Ziwiri zomalizazo ndi dera lathu."

"Ndiye ikuyamba kutali," anatero Tumpe. "Kenako ikuyandikira, ikuyandikira."

"Mpaka pa mbuzi ya a Mwansasu," anatero Mpoki.

Mbuzi inangoyang'ana. Inapitiriza kudya masamba.

Tsopano Tumpe anadziwa chochita. M'mawa mwake anaitana ana onse pamzati. Anabwera aakulu. Anabwera aang'ono. Ena anabwera ndi makanda kumsana.

Anabweranso Gwamaka, mnyamata wa nyumba yoyandikana. Gwamaka anali wamakani. Ukati kwatentha, iye amati kwazizira.

"Iwe Tumpe, nambala ndi nambala," anatero Gwamaka. "Ukhuta nayo?"

"Sindikhuta nayo. Koma pamapu iwe kulibe."

"Ine kulibe? Nanga uyu waima apa ndani?"

"Kaya. Mapu akuti Gwamaka amagona m'bokosi la makalata."

Ana onse anaseka. Gwamaka sanaseke. Anayang'ana chikwangwani nthawi yaitali.

"Tanenanso nambalayo," anatero.

Tumpe anaisandutsa nyimbo. Ankaimba akuomba m'manja.

"5, 3, 1, 3, 9,
kwathu ndi ku Lwengo.
5, 3, 1, 3, 9,
kwathu ndi kumtunda."

Ana anaimba potunga madzi. Anaimba popita kusukulu. Anaimba mpaka amayi awo anatopa nayo. Ndipo woimba mokweza kuposa onse anali Gwamaka.

Loweruka linafika. Amayi anasenza dengu la nthochi. Pambuyo pawo panali Tumpe. Pambuyo pa Tumpe panali mzere wautali wa ana. Mpoki anatsala pakhonde ndi Abambo. Anawayang'ana mpaka anabisika.

Ku laibulale Mayi Mwaipaja anatong'ola maso.

"Onsewa ndi ako?" anafunsa.

"Onsewa ndi a ku Lwengo, Mayi," anatero Tumpe. "Tinkanena nambala ya bokosi la sukulu. Yathu yeniyeni tabwera nayo."

"Bokosi la sukulu," anatero Mayi Mwaipaja, akugwira pakamwa. "N'chifukwa chake. Ndinkadabwa kuti ana onsewa amakwana bwanji pa positi."

Ana anaima pamzere. Aliyense ananena nambala. Aliyense anazula pini yake m'tauni. Aliyense anaibaya pa Lwengo. Pini, pini, pini. Lwengo anayamba kufiira.

Tumpe anabaya yake pomaliza. Koma sanachoke pamapu.

"Mayi, ndikupempha pini ina."

"Ya yani?"

"Ya mlongo wanga Mpoki. Sangathe kutsika mtunda. Amayenda ndi ndodo."

Mayi Mwaipaja anaganiza pang'ono. "Lamulo langa ndi limodzi," anatero. "Mwana anene yekha nambala yake."

Tumpe anayang'ananso pamapu. Ntchito yonseyi inali ya Mpoki. Tsopano Mpoki yemweyo atsale?

Anayang'ana Amayi. Amayi anali atatsitsa kale dengu. Anamasula pansonga pa chitenje. Anatulutsa foni. Anaimbira Abambo.

"Bambo a Tumpe, mupatseni mwanayo foni," anatero.

Kenako anapereka foniyo kwa Mayi Mwaipaja. Ana onse anatchera khutu. Ngakhale Gwamaka anatseka pakamwa.

"Ndine Mayi Mwaipaja wa ku laibulale. Ndikulankhula ndi yani?"

"Shikamoo, Mayi. Ndine Mpoki." Mawu ake anali aang'ono.

"Marahaba. Mpoki, umakhala kuti?"

"Ku Lwengo. 5, 3, 1, 3, 9." Mawu ake anakula. "Ndinaiwerenga ndekha pamzati."

Mayi Mwaipaja anatsegula kabotolo. Anatulutsa pini yatsopano. Anamupatsa Tumpe. Tumpe anaibaya pambali pa yake. Anaikanikiza ndi chala kuti isagwe.

Masana akuluakulu anafika. Anaima patsogolo pa mapu. Anayang'ana m'tauni. Anayang'ana kumtunda.

"Kodi ku Lwengo kuli ana ambiri chonchi?" anafunsa mmodzi.

"Analipo kale," anatero Mayi Mwaipaja. "Ife ndi amene sitinkawaona."

Akuluakulu anagwedeza mitu. Mmodzi anatenga cholembera. Anajambula mzere kuchokera ku laibulale mpaka pa Lwengo.

Sabata yotsatira kunamveka phokoso kumunsi. Pa, pa, pa, pa. Bajaji inkakwera mtunda. Inkakwera motsokomola. Koma inkakwerabe.

"Yabwera! Yabwera!" anafuula Gwamaka.

Bajaji inaima pamphambano. Mayi Mwaipaja anatsikamo. Ana anaizungulira. Tumpe anatambasula manja.

"Tapatukani," anatero. "Woyamba ndi Mpoki."

Ana anapatuka. Mpoki anadutsa pakati pawo, go, go, go. Anafika pa bajaji. Anatsamiritsa ndodo imodzi. Anaona mabuku kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Anatenga limodzi. Analibweza. Anatenga lina. Analinunkhiza. Analibwezanso.

"Iwe Mpoki, dzuwa lilowa," anatero Gwamaka.

"Musiye," anatero Mayi Mwaipaja. "Wadikira nthawi yaitali. Nafenso timudikire."

Tumpe anaona buku labwino pamwamba. Anafuna kuloza. Koma anabisa manja kumbuyo. Anangoluma mlomo.

Kenako Mpoki anatulutsa buku lalikulu lobiriwira. Linali la sitima zapamadzi. Analikumbatira pachifuwa.

"Ili," anatero.

Madzulo Abambo anaika chopalira pansi. Amayi anabweretsa tiyi ndi nthochi zowotcha. Onse anakhala pathabwa lalitali, Mpoki pakati.

"Achemwali, sendererani kuno," anatero Mpoki. "Lero ndikuwerengerani ndine."

Tumpe anasendera. Anali wosangalala kwambiri. Mpoki anatsegula tsamba loyamba. Anaika chala pamzere, nayamba kuwerenga mokweza.