Asiya ndi Dothi Lopuma

Tsiku lomaliza kuwaona Bambo ali moyo, anali m'nkhalango yathu ku Chipoka. Anali atagwada. Ankanunkhiza dothi. Mlongo wanga Asiya anali pambali pawo.

"Dothi limapuma, Asiya," anatero Bambo.

Ine ndinaseka. Ndinakwera sitima kubwerera ku koleji. Bambo anamwalira ndili komweko. Ndinabwera kumaliro. Ku koleji sindinabwererenso.

Asiya anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti mitengo ya Bambo isadulidwe.

Tsiku lina kunabwera amalume Twaibu. Anabwera ndi nkhwangwa. Ankafuna nkhuni zowambira nsomba.

"Kuli ufulu wa matipate tsopano," anatero amalume. "Aliyense akudula. Mitengo yokalambayi yatopa. Dothi lake latopanso. Ing'onoing'ono ija ndiisiya."

"Amalume, dikirani mpaka mawa," anatero Asiya.

"Iwe, wasanduka mlonda liti?" anafunsa amalume akuseka. "Chabwino. Mawa."

Asiya anandipeza pamphasa. Masiku amenewo ndinkangogona, ngakhale masana.

"Achimwene, kodi dothi limapumadi?"

"Limapuma."

"Ndionetseni."

Ndinadzuka. Ndinatenga laimu wotsala popaka nyumba. Ndinamusungunula m'madzi. Laimu anadikha pansi. Madzi a pamwamba ankaonekera ngati galasi.

"Uzira m'madzimu ndi bango," ndinatero.

Asiya anauzira. Anauziranso. Madzi anayera ngati mkaka.

"Umenewo ndi mpweya wa kaboni," ndinatero. "Chamoyo chikapuma, umatuluka."

Asiya anatenga timbale titatu. Anathiramo madzi a laimu. Anatenganso mabeseni atatu a Amayi.

Kambale koyamba anakaika pa mitengo ing'onoing'ono. Dothi lake linali lofiirira. Anavundikira ndi beseni.

Kachiwiri anakaika pa mitengo yokalamba. Dothi lake linali lakuda. Linali lofewa, lodzaza masamba owola. Anavundikira ndi beseni.

Kachitatu anakaika kuseri kwa njanji. Kumeneko mitengo inadulidwa kalekale. Dothi lake linali lotuwa. Anavundikira ndi beseni.

M'mawa amalume anabwera. Amayi anabweranso, pofuna mabeseni awo.

Asiya anavundukula beseni loyamba. Madzi anali atayera pang'ono ngati mkaka.

Anavundukula lachiwiri. Madzi anali atayera kwambiri.

"Bwanji apa ayera chonchi, achimwene?"

"Nkhalango ikamakula, mizu imachuluka," ndinatero. "Tizilombo ta m'dothi timachulukanso. Zonsezo zimapuma. Masamba amakoka mpweyawo. Akagwa, amadyetsa dothi."

Amalume anapukusa mutu.

"Zakusukulu izo," anatero. "Ine ndikuona dothi lokalamba likutaya mpweya wambiri. Likutha mphamvu. Likufa."

Ananyamula nkhwangwa.

Asiya anaima kutsogolo kwa mtengo wa mbawa.

"Ayi, amalume," anatero. "Wakufa sapuma. Ndinawaona Bambo."

Amayi anayang'ana pansi.

Asiya anawagwira dzanja amalume. Anapita nawo kuseri kwa njanji. Anavundukula beseni lachitatu. Madzi ankaonekerabe ngati galasi, pafupifupi ngati dzulo.

"Lomwe likufa ndi ili," anatero Asiya.

Amalume anatapa dothi lotuwa lija. Linadutsa m'zala zawo ngati mchenga.

"Nanga nsomba zanga ndiwamba ndi chiyani, mwanawe?"

"Bwerani muone."

Tinabwerera m'nkhalango. Asiya analoza pansi. Panali nthambi zouma. Zinagwa zokha. Apa nthambi. Apo nthambi. Uko nthambi.

Asiya anatola. Amayi anatola. Inenso ndinatola.

"Si uyu, wadzuka lero," anatero Amayi, akundiyang'ana.

Amalume anamanga mitolo inayi. Mtolo wawo unali waukulu koposa. Unafuna manja onse awiri.

"Asiya, ndigwirire nkhwangwayi," anatero. "Ukaisunge kwanu."

Asiya anaiika paphewa. Anatsogola. Ife tonse tinamutsatira.

Palibe mtengo unagwa.

Linali Lachinayi, pa 9 Malichi, 1995.