Mazira a Kapitawo

Kabatani anawaona komaliza achimwene ake m'mawa, kuseri kwa nyumba. Anali ataima pakhomo la khola la nkhuku. Njinga yawo inali itatsamira khoma. M'khwapa anali atapanira tambala.

Dzina loti Kabatani anamupatsa ndi achimwene omwewo. Ankati mlongo wawo ndi wamng'ono ngati batani la malaya.

Tambalayo anali wofiira. Dzina lake linali Kapitawo. Kapitawo anali wolusa. Ankajompha amayi. Ankajompha Kabatani. Ankajompha ngakhale tsache. Achimwene okha ndi amene sankawajompha.

"Kabatani, taima apo uone," anatero achimwene.

Anamuika Kapitawo pansi. Anamwaza chimanga. Kapitawo anatola njere imodzi. Anaigwetsa. Anaitolanso. Anaigwetsanso. Kenako anaitana, ku-ku-ku-ku. Mathadzi atatu anabwera akuthamanga. Anadya chimanga chonse. Kapitawo sanadye.

"Waona? Ndi wolusa, koma alibe umbombo."

"Dzulo anandijompha pabondo," anatero Kabatani.

"Unamupatsa moni?"

Achimwene anaseka. Anakwera njinga. Anapita kuntchito. Belu linalira kawiri pokhota msewu.

Madzulo sanabwere. Galimoto inawagunda panjira. Achimwene anamwalira.

Anthu anabwera ambiri. Pakhomo panadzaza nsapato. Nsapato zazikulu, nsapato zazing'ono, nsapato zafumbi. Ena ankalira. Ena ankanong'ona. Ena ankafunsa ngati chakudya chapsa.

Kapitawo sankadziwa za maliro. Ankalira m'mawa. Ankalira masana. Ankayenda pakati pa mipando atatukumula chifuwa. Ankayang'ana munthu aliyense ndi diso limodzi.

Tsiku lachiwiri amalume anapita kuseri kukasamba m'manja. Kapitawo anawalumphira. Anawajompha pamwendo. Thalauza lawo linang'ambika. Amalume anati tambala wopanda ulemu malo ake ndi mumphika. Anthu anaseka. Pamaliro pomwepo, anthu anaseka.

Kabatani anali atatumidwa kukabwereka makapu. Atabwerera, anapeza nthenga pansi pa mpopi. Nthenga zofiira. Nthenga zonyowa.

Alendo anadya. Ena anadandaula kuti nyamayo inali yolimba. Mawa lake mathadzi awiri analowanso mumphika. Kabatani sanadye. Palibe amene anamufunsa.

Kenako anthu anapita. Nsapato zinapita. M'khola munatsala thadzi limodzi lakuda.

Thadzi lakuda linkaikirabe. Lero dzira. Mkuja dzira. Kabatani sanauze munthu. Mazira anakwana asanu ndi atatu. Ndiye thadzi linayamba kuwakhalira. Silinkatuluka. Munthu akayandikira, linkatukumula nthenga. Linkakalipa, krrr.

Masiku amenewo amayi sankatulukatuluka. Ankakhala pabedi, chitseko chotseka. Koma tsiku lina anapita kuseri kukayanika zovala. Anasuzumira m'khola. Anaona thadzi. Anaona mazira.

Analankhula ndi mawu otopa. Anati nkhukuyo ikungodzivutitsa. Anati mazira opanda tambala saswa. Anati angovunda. Anati bola kuwakazinga. Thadzilo aliviike m'madzi kuti liiwale.

Kabatani anaima pakhomo la khola. Anatambasula manja.

"Amayi, awa ndi ana a Kapitawo."

"Kapitawo kulibe, mwanangu."

"Ndikudziwa. Munamudya."

Maso a amayi anafiira.

"Ine sindinadye," anatero pang'onopang'ono.

Tsidya lina la mpanda kunali atelala. Ankasoka pakhonde pawo. Nawonso ankaweta nkhuku. Makina awo anasiya kulira. Atelala anasuzumira pampanda.

Anapepesa kaye chifukwa cholowerera nkhani ya eni. Kenako anafotokoza. Anati tambala akachoka, thadzi limaikirabe mazira amoyo kwa masiku angapo. Oyamba akhoza kuswa. Omaliza sangaswe.

"Nanga oyamba ndi ati, mwanawe?" anafunsa atelala.

Kabatani anayang'ana m'chisa. Mazira onse anali oyera. Onse anali ofanana. Sanaike chizindikiro pa lililonse. Anaweramitsa mutu.

Atelala anamubwereka tochi. Anati adikire sabata imodzi. Kenako aunike dzira lililonse pamdima. Dzira lamoyo limakhala ndi timitsempha tofiira. Dzira lopanda kanthu limangoti mbee.

"Sabata imodzi yokha," anatero amayi. "Mukapanda kanthu, nkhani yatha."

Kabatani anavomera.

Tsiku lililonse ankapita kukhola. Ankaika madzi. Ankaika madeya. Thadzi linkamukalipira. Iye ankangoti, "Pepani, ndadutsa." Tochi ankagona nayo pansi pa pilo.

Sabata inatha. Masana thadzi linatuluka kukamwa madzi. Kabatani anayala nsalu m'beseni. Anaikamo mazira onse. Anali ofunda. Anayenda pang'onopang'ono kulowa m'nyumba.

M'nyumba monse munali mowala. Mdima unali m'chipinda chimodzi chokha. Chinali chipinda cha achimwene. Makatani ake anali asanatsegulidwe. Amayi anali asanalowemo chichitikireni maliro.

"Amayi, bwerani mudzandigwirire tochi."

Amayi anaima pakhomo. Anaima nthawi yaitali.

"Mazira azizira, amayi."

Amayi analowa.

Anakhala pabedi. Anafunda bulangeti mpaka kumutu. Bulangetilo linkanunkhira sopo wa achimwene. Linkanunkhiranso mafuta a njinga. Amayi anayatsa tochi.

Dzira loyamba, mbee.

Dzira lachiwiri, mbee.

Lachitatu, mbee. Lachinayi, mbee. Lachisanu, mbee.

Kabatani analuma mlomo. Anatenga lina. Analitembenuza pa tochi. Munali timitsempha. Timitsempha tofiira, tating'ono ngati ulusi. Pakati panali kadontho kakuda. Kadonthoko kanagwedezeka.

"Amayi, mwaona?"

"Ndaona."

Dzira lotsatira, mbee. Lomaliza linalinso ndi timitsempha. Mazira amoyo anali awiri.

Amayi anazimitsa tochi. Sanachotse bulangeti. Kabatani anamva akulira. Iyenso analira. Analira atagwira mazira awiri pachifuwa.

Kenako amayi anapukuta m'maso. Anati athamange, thadzi lisawasowe.

Kabatani anabwezera mazira awiri m'chisa. Thadzi linawayang'ana. Linawakankhira pansi pake ndi mlomo. Linakhala. Silinafunse za enawo.

Panatsala masabata awiri. Tsopano ankapita kukhola awiri. Kabatani ankanyamula madzi. Amayi ankanyamula madeya. Atelala ankafunsa pampanda m'mawa uliwonse ngati alendo afika. Kabatani ankayankha kuti akadali panjira.

Tsiku lina amalume anabwera kudzazonda. Anamva za mazira. Anaseka. Anati akaswa tambala awauze, avale thalauza lolimba. Palibe amene anaseka nawo. Amalume anamwa tiyi wawo mwakachetechete.

M'mawa wina Kabatani anamva mawu m'khola. Tsiyo. Tsiyo. Anagwada. Anasuzumira. Dzira limodzi linali litasweka. Pansi pa phiko panali kamutu. Kanali konyowa. Kanali kosaoneka bwino. Kanali kamoyo.

Dzira linalo linali zii. Atelala analiika pakhutu. Analigwedeza pang'ono. Anapukusa mutu. Anati limeneli lafera m'kati. Kabatani analikwirira pafupi ndi mpanda.

Anabwerera kukhola. Kamwanapiye kanali katauma. Kanatuluka. Kanagwa. Kanadzuka. Kanayenda.

Kabatani anatembenukira kunyumba. Anatsegula pakamwa kuti aitane achimwene. Kenako anakumbukira. Anatseka pakamwa.

Amayi anali pambuyo pake. Anaona. Anakhala pansi, pafumbi pomwepo. Anamukokera Kabatani pamiyendo pawo.

"Amayi, kadzakhala katambala kapena kathadzi?"

"Sindikudziwa, mwanangu. Tidzaona kakamakula."

"Amalume sadzakadya."

"Sadzakadya. Wofuna kukagwira ayambe wadutsa pa ine."

Anakhala pomwepo mpaka dzuwa linakwera. Madzi a tiyi anauma pamoto. Palibe amene anadzuka.

Panali pa 9 Seputembala, tsiku limene mwana wa Kapitawo anabadwa.