Amene Anapaka Girisi

Lachinayi madzulo ndinabwera kuchokera ku Lizulu ndikukankha njinga, gudumu la kumbuyo likulira ngati kamwana ka mbuzi. Inali ya malemu amuna anga, a Paison. Mwezi unali usanathe chiwaikireni m'manda, ndipo njingayo ndi imene inkatidyetsa ine ndi ana, ponyamulira mbatatesi kumsika.

Mayi Mervis, oyandikana nafe, anandithandiza kutsitsa thumba. "Mabeyaringi a m'gudumu auma amenewo, alibe girisi," anatero. "Mukaionetse kwa okonza."

Ndinaisiya pakhonde.

Tambala woyamba atalira ndinadzuka kukonzekera ulendo. Fungo la palafini. Kenako kaphokoso, nge, nge, nge, timipira tachitsulo tikugwera m'chivundikiro cha chitini. Ndinasuzumira pamng'alu wa chitseko.

Njinga inali chagada. Munthu ananjuta pambali pake, atandifulatira. Ankatsuka kampira kalikonse pakokha, kukapukuta ndi kansalu, n'kukamatika m'girisi ndi nsonga ya chala. Osafulumira ayi. Atamanga zonse anazunguza gudumu, n'kutchera khutu pafupi.

"Ndani?"

Sanatembenuke. Gudumu linkangozungulira, zii. Nditaphethira, panalibe munthu. Ndinadzitsekera m'nyumba, kumsika sindinapite.

Dzuwa litakwera ndinamva mawu a alamu anga, a Chrispine, amene chiyambire maliro diso lawo linali panjingayo. Nditatuluka ndinawapeza akununkhiza chala.

"Girisi walero uyu. Mlamu, inu mumatha kumasula gudumu?"

"Ayi."

"Ndiye ndani? Achimwene sanawole n'komwe, mwayamba kale kulowetsa amuna?"

Ndinanena zimene ndinaona. Anaseka. Pofika Lamulungu abale anali atagamula: njinga itsale kuchimuna, ine ndibwerere kwathu ku Kasinje.

Tsiku lonyamuka Mayi Mervis anandiperekeza atandisenzera mtolo, ana atawagawira mbatata yootcha. Titadutsa madimba anachepetsa mawu.

"M'mawa uja ndinali kuseri kwa mpanda. Pachitsulo cha njinga panali dzanja, lodindika ndi girisi. Zala zinayi."

A Paison chala chimodzi anachisiya m'lamba wa chigayo ali mnyamata.

"Alamu anu analiona inu musanatuluke. Anayang'ana uku ndi uku, n'kupukuta ndi malaya."

"Nanga bwanji simunanene pamene ankandiweruza?"

Anandisenzetsa mtolo wanga pang'onopang'ono, n'kundikonzera nkhata.

"Nanenso ndine mtengwa, mayi."