Kandulo ya Malachi

Lackson anatuluka m'nyumba mabasi atasiya kale kuyenda, usiku woti mawa lake ndi Khirisimasi ya 2006. Mkazi wake Roselyn anali atanena kuti agona kuntchito ku Erdington, dera lina la mzinda wa kwa azungu umene ankakhala, kwa mayi Ann, gogo wa ku Ireland amene ankamusamalira. Koma m'thumba la yunifolomu ina ya Roselyn, Lackson anapezamo kapepala: "Kandulo pawindo. Chitseko osakhoma. Malachi abwera."

Malachi ameneyu ndani? Funsoli ndilo linamuyendetsa wapansi m'chisanu chonsecho.

Atafika pansi pa mlatho waukulu wa magalimoto, anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Zii. Atayambanso kuyenda, munthu anali pambali pake! Mzungu wamtali, wooneka bwino, jekete la omanga, fumbi la simenti m'tsitsi. Mpweya wa Lackson unkatuluka ngati utsi. Wa mnzakeyo... ayi.

"Wandiyatsira," anatero mlendoyo, maso ali kutsogolo. "Chaka chilichonse amandiyatsira."

Chaka chilichonse! Lackson anakukuta mano. Mantha analipo, koma nsanje inaposa. Anamutsatira.

Nyumba ya mayi Ann ija. Kandulo pawindo. Munthuyo anakankha chitseko nalowa ngati kwawo. Lackson anathamangira momwemo, akuitana mkazi wake mwaukali.

M'katimo munali anthu awiri okha: Roselyn, ndi gogoyo ali pampando atafunda bulangeti. Patebulo panali buledi ndi mkaka.

"Bambo a Mwai, kwagwanji?" anafunsa Roselyn, kumuitana ndi dzina la mwana wawo.

Lackson anafunsa kumene amubisa mwamunayo. Anasuzumira kukhitchini. Kunalibe. Roselyn, manyazi atamugwira, anafotokoza motsitsa mawu kuti kwawo kwa agogowa usiku umenewu amayatsa kandulo, chitseko sakhoma, ndipo amasiya chakudya patebulo kuti apaulendo, ngakhale omwalira, asasowe pofikira. Kapepala kaja analemba ndi agogowo pomukumbutsa.

Lackson sankamvanso. Maso ake anali pachithunzi cha pakhoma. Jekete lomwe lija... nkhope yomweyo...

"Uyu," anatero, akuloza chithunzicho. "Ndayenda naye. Walowa muno."

Kandulo inaphethira. Mayi Ann anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo Lackson anaona chomwe chija chinamutulutsa iye m'nyumba.

"Ameneyo ndi Malachi, mwamuna wanga. Anagwa pomanga mlatho uja mu 1971," anatero. "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndikumuyatsira ine, osamuonako ngakhale kamodzi. Ndiye akaonekere iwe?"