Matumba Asanu ndi Awiri Kuseri kwa Mpanda

Asilikali anatsegula chipata cha mpanda wolekanitsa mudzi ndi minda itakwana seveni koloko, nkunena kuti atseka folo koloko. Limeneli linali tsiku lachiwiri, lomaliza pa chilolezo, koma mitengo ya azitona khumi inali isanathyoledwe. Chilolezocho chinali cha anthu awiri okha: Jumana, wa zaka khumi ndi zisanu, ndi bambo ake, a Abu Muhannad. Anthu ankawatchulabe dzina la mwana wawo woyamba, ngakhale Muhannadyo anawomberedwa ndi msilikali chaka chatha akuchokera kusukulu. Ali moyo, Muhannad ndiye ankakwera mitengo.

Atafika kumunda anapeza bambo wina wadazi atakhala pamwala, makwerero ali pambali.

"Awa ndi a Yoram," anatero bambo ake. "Timakumana kugulu lija la makolo oferedwa. Mwana wawo wamkazi anafera m'basi imene inaphulitsidwa."

"Ababa, Mwisiraeli? M'munda mwathu?"

"Iwo safunikira chilolezo mbali ino. Ndiponso ali ndi manja awiri."

A Yoram anapereka moni m'Chiarabu chotsimphina. Jumana anayala matumba pansi pa mtengo wakutali.

Ntchito a Yoram sankaidziwa. Ankapulula zipatso ndi masamba omwe, ndipo pa makwerero ankanjenjemera.

"Iwe Yoram, kodi tikufuna mafuta kapena tiyi?" anafuula a Abu Muhannad. "Masamba onsewa ndi achiyani?"

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikuphunzitsa ana masamu, m'bale wanga. Palibe anandiuza kuti mtengo umabwezera."

"Tsika usanathyoke, angati ndakukankha ine!"

Onse awiri anaseka mpaka kutsokomola. Jumana anakwiya. Chaka chonse kunyumba bambo ake anali asanaseke.

Nthawi itayandikira folo koloko anali ndi matumba khumi ndi limodzi, bulu mmodzi, ndi mitengo iwiri yosakhudzidwa. Buluyo akanatha kunyamula anayi basi, ndipo nthawi yobwerera kachiwiri panalibe. Azitona akakhalitsa m'thumba amatentha, mafuta ake nkuwawa. Mafuta amenewo ndiwo ankadyetsa banjalo mpaka chaka china.

"Siyani asanu ndi awiriwo," anatero a Yoram. "Ndiwanyamula pa galimoto, ndizungulire msewu wautali. Mawa m'mawa mundipeza kofinyira mafuta kwanu."

A Abu Muhannad anatembenukira mwana wawo. "Munda uwu ukanakhala wa mlongo wako. Tsopano ndi wako. Nena ndiwe."

Jumana anayang'ana matumbawo, kenako chipata, pomwe msilikali anali atayamba kale kuyang'ana wotchi.

"Asanu ndi awiri," anatero kwa a Yoram, mawu ake oyamba kwa iwo. "Ndawerenga."

"Nanenso ndawerenga. Chimenecho chokha ndiye ndimachitha."

M'mawa mwake anadikira kofinyira mafuta. Naini koloko inadutsa, masana anakwana. Anansi awo ankafinyitsa zawo nkumapita, ena osapita, poti panali choonera.

"Abu Muhannad, wapatsa mphaka nyama kuti akusungire," anatero a Saadi, eni makinawo. "Pofika pano mafuta ako akuwathira pa saladi kwawo ku Haifa."

Anthu anaseka. Bambo ake anangoweramitsa mutu. Jumana anazindikira kuti wayamba kupemphera chamumtima kuti munthu amene dzulo lake sanafune nkumuona komwe atulukire.

Dzuwa litapendeka kunabwera kagalimoto koyera kakukwawa, kumbuyo kutatsala pang'ono kugunda pansi. Matumba anali pamipando, m'buti, ena padenga. A Yoram anatuluka atagwira msana.

"Pepani. Pa chotchinga cha pamsewu asilikali andisunga maola anayi. Akuti ndapenga kubwera kuno. Anamasula thumba lililonse."

Jumana anayamba kuwerenga mokweza kuti a Saadi amve. Atafika pa asanu ndi awiri, panatsalabe awiri.

"Mitengo iwiri ija," anatero a Yoram. "Tinalawirira ndi mkazi wanga. Iye wathyola, ine ndagwira makwerero."

Pokoka thumba lomaliza pampando wakutsogolo, Jumana anaona chithunzi chomatidwa pafupi ndi chiwongolero: mtsikana wa tsitsi losapesa, chikwama cha sukulu paphewa, akutulutsira lilime wojambula.

"Dzina lake ndani?"

"Naama. Anali wa msinkhu wakowu. Wamwanonso ngati iwe."

Jumana anatsitsa thumbalo, napukuta manja pa diresi. Kenako anayankhula mokweza, anthu onse aja akumva.

"Amalume Yoram, simubwerera ndi njala. Kwathu ndi nyumba ya chitseko chobiriwira iyo. Tiyeni, ndikutsogolerani."